Njovu Imene Sinasiye Mapazi

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene mudzi wathu wonse unasaka njovu chifukwa cha ine. Tinkakhala ku Lupande, kumene munthu amalima akudziwa kuti akulimira banja lake ndi nyama za m'tchire zomwe. Kwathu njovu inali yankho la chilichonse. Mwana akachedwa kusukulu, ndiye kuti njovu inatseka njira. Bambo akagona kumowa, ndiye kuti njovu inaima padambo. Aphunzitsi ankadziwa kuti zambiri mwa njovu zimenezi zinali zabodza, koma palibe ankalimba mtima kutsutsa, chifukwa zenizenizo zinaphadi anthu amene tinkawadziwa mayina.

Atata anali Mchewa wa kumtunda. Anatsikira kuchigwa ali mnyamata n'kukwatira Amama, Mkunda wa pamudzi pomwepo. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa bwemba m'mbali mwa msewu, ndipo anthu ankawakonda. Anali wanthabwala, wokweza ana a eni pakaliyala, kutchalitchi woimba besi. Koma nthabwalazo zinkatsala kumsewu. Ine ndinaphunzira kudziwa mmene tsiku lithere poona kaimikidwe ka njinga yawo. Akaitsamiritsa bwinobwino pakhoma, tinkadya mwamtendere. Akaiponya pansi, maso anga ankayamba kufunafuna kothawira. Amama anakadandaulapo kwa ankhoswe, koma anawabweza ndi malangizo oti apirire.

Tsikulo linali Loweruka masana, nthawi ya chimanga chachiwisi. Chimene chinayambitsa sindichikumbukira, kaya ndi ndiwo, kaya ndi moni amene Amama anayankha munthu wina pachitsime. Ndikukumbukira pampu ya njinga m'manja mwa Atata, ndi Amama ali pansi pafupi ndi nkhokwe ataphimba mutu. Sindinaganize chilichonse. Ndinangolowa pakati n'kukweza mkono, ndipo unalira ngati phesi louma.

Anandinyamula okha Atata kupita kukiliniki, panjinga yomweyo, Amama akutsatira pansi. Malaya awo anali atanyowa ndi thukuta, ndipo ndinkamva mawu awo kudzera kumsana kumene ndinatsamira.

"Vaida, akakufunsa, unali kuchokera kumunda, njovu inakuthamangitsa, unagwa. Wamva?"

"Ndamva, Atata."

"Ukanena zina, apolisi adzanditenga. Koma ndisanapite, amako ndiwamaliza."

Ananena mosakuwa, monga mmene ankauzira munthu kuti tayala lake latha. Mawu amenewo ndinawakhulupirira, ndipo mpaka lero ndimaganiza kuti sindinalakwe kuwakhulupirira.

Namwino wa pakiliniki anali a Sista Tembo, mayi wamfupi, wosakonda kuseka pachabe. Anamvetsera nkhani ya njovu mpaka kumapeto. Kenako anatembenuza zikhato zanga n'kuziyang'ana, anayang'ananso mawondo anga.

"Wagwa mwaluso mwana uyu," anatero. "Zikhato zosasupuka, mawondo osasupuka."

Atata anaseka kuseka kwawo kwa kumsewu. A Sista sanaseke. Anamanga mkono wanga pa kathabwa, n'kunena kuti chikhakha akandiika kuchipatala chachikulu ku Mambwe.

"Koma a Banda, njovu yothamangitsa mwana dzuwa lili pamutu, pafupi ndi njira ya kusukulu, si nkhani yosunga. Ndiuza masikauti lero lomwe."

"Aa, Sista, musavutike. Yapita kale imeneyo."

"Ikapha mwana wa wina mawa, adzafunsa ine."

Apa ndi pamene Atata anaphonya. Anasankha bodza limene kwathu silinkafunsidwa kawiri, koma anaiwala kuti njovu yovulaza mwana ili ndi anthu ake oilondola. Masikauti ndi alonda a nyama za m'tchire, ndipo akamva za nyama yolusa amabwera ndi mfuti.

Asanabwere n'komwe, mudzi unali utatekeseka. Dzuwa likamapendeka anthu ankakwera pansanja m'minda kuimba zitini ndi zidebe. Ankawotcha ndowe zosakaniza ndi tsabola, utsi wake n'kutitsamwitsa tonse mpaka mbuzi zomwe. Ana ankapita kusukulu moperekezedwa. Azimayi ankabwera kudzandizonda ndi maungu, kundigwira mutu, kuthokoza Mulungu. Amake Zelesi, amene nyumba yawo inali pafupi ndi yathu moti tinkamva akatsokomola, ananena kuti njovuyo anaiona ndi maso awo. Akuti inali ya mnyanga umodzi.

Ine sindinkatha kukhala malo amodzi. Ndikakhala pakhonde ndinkafuna kuseri, ndikapita kuseri ndinkafuna kumsewu kukaona nkhope ya Atata. Chakudya sichinkatsika. M'chikhakha munkayabwa, ndipo ndinkalowetsamo kaudzu mpaka Amama kundikalipira. Ndinkaopa kuti masikauti akapeza zoona, Amama afa. Ndinkaopanso kuti akapanda kuzipeza, aombera njovu yosalakwa, ndipo pampu ija ikhalabe pamalo pake pakhoma. Mwana wa zaka khumi alibe poika mantha awiri otere.

Sikauti amene anabwera anali a Chulu, bambo wamtali wa imvi za apo ndi apo. Anafika m'mawa mame asanaume, mfuti ili paphewa.

"Mwauka bwanji, a Banda? Mwanayu ndi amayi ake andilondolere pamalopo. Inu tsalani, anthu ochuluka amafufuta mapazi."

Tinayenda njira ya kumunda. Mvula inali itagwa masiku apitawo, nthaka ili yofewa, yoti ngakhale nkhanga imasiya chizindikiro. Njovu ikaponda potero imasiya dzenje loti mwana n'kusambamo. Panalibe dzenje, panalibe ndowe, chimanga chonse chinali chiimire.

"Unagwera pati, mwanawe?"

Ndinaloza pamene chala chinafuna. A Chulu ananjuta, anayang'ana pansi kanthawi, kenako anayang'ana Amama, amene ankayenda atagwira nthiti. Ndinkadikira funso lachiwiri, koma silinabwere. Anaimirira, anathyola kachitsamba n'kumatafuna.

"Tiyeni tibwerere, dzuwa lingamuotche mwanayu."

Pamudzi anauza Atata ndi anthu onse kuti njovuyo ayamba kuitsatira, ndipo ana apitirize kuyenda m'magulu. Ndinapuma, koma mpumulo wake unali wowawa. Ndinaganiza kuti basi, ngakhale munthu wodziwa kulondola nyama tamupusitsa, ndiye palibenso amene adzadziwe. Sindinaone kuti pochoka sanalowere kumtsinje kumene njovu zimamwera. Analowera njira ya kukiliniki.

Zimene zinachitika m'masiku otsatira ndinazimva nditakula. A Sista anali ndi zikhato zanga zosasupuka, koma zikhato zokha sizikanamanga munthu. A Chulu anali ndi nthaka yopanda mapazi. Aphunzitsi anga, amene tinkangowatcha a Madamu, anali ataona kale kuti ndimagona m'kalasi, ndipo akakweza dzanja kuti afufute bolodi ndimabisa mutu. Aliyense payekha anali ndi kachidutswa kosakwana kanthu. Anakumana, anaitana a Mayi Daka a ku ofesi yoona za ana ndi mabanja ku boma, ndi wapolisi wina wamkazi woona milandu ya nkhanza za m'banja. Anagwirizana kuti asandifunse kaye. Anayamba atumiza uthenga kwa amalume anga, mlongo wawo wa Amama, amene ankakhala mbali ya ku Kawaza.

Ine pamenepo ndinali pamudzi, kuwerenga nkhope ya Atata m'mawa ndi madzulo. Iwo anali atafatsa zodabwitsa. Anandigulira masikono, anandisema kandodo kokandira m'chikhakha. Kufatsa kumeneko kunkandiopsa kuposa kukuwa.

Tsiku lokaonetsa mkono kukiliniki tinapita awiri ndi Amama, chifukwa a Sista anali atanena kuti abambo asataye tsiku la ntchito. Titafika, a Sista anatenga Amama kulowa nawo m'chipinda, akuti awaone chifuwa. Ine ananditengera kuseri, pansi pa mtengo wa tsanya, pamene panakhala mayi wonenepa wovala chitenje. Anali a Mayi Daka. Anandipatsa moni wa Chikunda chophotchoka, moti ndikanakhala wosekerera ndikanaseka.

"Vaida, ndisanakufunse kanthu, ndikuuze kaye zinthu," anatero. "Lero iwe ndi amayi ako simubwerera kunyumba. Amalume ako ali apo ndi njinga ziwiri, mukagona kwawo. Atate ako sakudziwa, ndipo pali wapolisi amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti asafike kumeneko."

Ndinatembenuka. Amalume analidi chiimire kumpanda, chipewa chili m'manja.

"Ukafuna kundiuza za mkonowo, undiuza ine ndekha, kamodzi kokha. Ena onse amva kwa ine. Ukapanda kufuna lero, kwa amalume mupitabe."

Mawu otsirizawo ndi amene ananditsegula pakamwa. Kugona kwa amalume sikunali malipiro a kulankhula kwanga. Ndinayamba ndi pampu, ndinabwerera ku njinga yoponyedwa pansi, ndinalumphira ku mawu a pamsana paja. Ndinkasakaniza Chikunda ndi Chinyanja, mamina ndi misozi, ndipo sanandidule ngakhale pamodzi. Nditamaliza ndinanjenjemera ngati wamalungo. Anandifunditsa chitenje chawo, dzuwa likuswa mtengo.

Ndinganame nditati kuchokera pamenepo zonse zinayenda bwino. A Sista anapeza nthiti za Amama zothyoka, zina zatsopano, zina zopola mokhota. Mlandu unapita kukhoti ndipo Atata anamangidwa. Abale awo a kumtunda anatitukwana. Pamudzi ena anati Amama achititsa manyazi mwamuna wothandiza anthu, ndipo njinga zawo azikonzetsa kuti tsopano? Amama eniake anakhala masabata osandiyang'ana m'maso, ndipo tsiku lina anamanga katundu kuti akapemphe apolisi amasule amuna awo. Wapolisi uja ndi a Mayi Daka anakhala nawo tsiku lonse pakhonde pa amalume, osawakalipira, mpaka anamasula okha mtolowo.

Ine mkono unapola msanga kuposa zina. Munthu akamapopa njinga ndinkathawira kuseri kwa nyumba. A Mayi Daka ankabwera pa njinga yamoto mvula ikalola, n'kundiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mantha akandigwira. A Madamu analankhula ndi mphunzitsi wa kusukulu yanga yatsopano, ndipo anandikhazika pafupi ndi chitseko, kuti ndikafuna kutuluka ndizituluka osapempha. Palibe anandifunsanso za tsiku lija, monga a Mayi Daka anandilonjezera. Chimene sindinauze aliyense n'chakuti Atata ndinkawasowa, makamaka besi yawo. Atatuluka m'ndende anabwerera kumtunda, ndipo sitinaonanenso.

Lero ndine namwino m'tauni ina ya kumtunda komweko. Kuno kulibe njovu, koma kuli zitseko zimene zimamenya akazi m'maso, ndi mabafa oterera amene amathyola ana manja. Ndimatembenuza zikhato, ndimayang'ana mawondo. Mtima umandikoka kuti ndifunse pomwepo, ndikuwe, ndigwire bamboyo pakhosi, chifukwa kuleza mtima sindinabadwe nako. Koma ndimakumbukira a Chulu akutafuna kachitsamba. Akanati afunse funso lachiwiri m'munda muja, ine n'kuyankha, kenako n'kutibweza kunyumba, Amama sakanaona dzuwa la mawa lake. Choncho ndimayamba ndaitana anzanga, wa zaumoyo wa maganizo, wa ku ofesi ya ana, wapolisi, mphunzitsi ngati alipo. Sindifunsa munthu zoona ndisanadziwe kumene akagone.

Chaka chatha ndinatsikira kuchigwa kukaona Amama, amene akalamba ndithu koma akulimabe. Inali nthawi yomwe ija ya chimanga chachiwisi. Dzuwa litapendeka zitini zinayamba kulira m'minda, utsi wa tsabola n'kufika mpaka pakhonde, ndipo mkono wanga unayamba kuwawa monga umachitira kukazizira. Sindinathe kukhala pansi. Ndinayenda mpaka kumudzi wathu wakale, ndipo ndinapeza amake Zelesi akusenda nyemba, maso atachita khungu pang'ono.

"Mwaswera bwanji, amama? Ndine Vaida."

"Vaida wa njovu?"

"Yemweyo. Ija ya mnyanga umodzi, munaiona inu."

Anasiya kusenda. Zitini zinkalirabe kumunda.

"Tinkamva zonse, mwanawe," anatero. "Zaka zonse zija tinkamva. Koma za m'nyumba mwa mwini, munthu ungaimbire chitini?"

Ndinaganiza za mudzi wonse uli pansanja, amuna ndi akazi, kupirikitsa nyama imene kunalibe, pamene Amama ankalira pafupi pomwepo popanda wogogoda ngakhale mbale. Ndinawauza kuti inde, akanaimba, ndipo chitini chimodzi chokha chikanakwana.