Sitima imene ndinabera mdzukulu wanga

Ndinaba nkhani, ine nkhalamba, ndipo ndikakumbuka malovu amawawa m'kamwa.

Mdzukulu wanga Tadala ndi anzake ankaonera makatuni pafoni, a atsikana okwera sitima yosafika komwe ikupita. Maso ngati mbale, tsitsi lobiriwira. Pasiteshoni ina anapeza anthu akugulula mano awo n'kumamwazira nkhuku. Ine ndinalavula. Koma ana aja misozi chuchuchu, ati akumvera chisoni atsikanawo.

"Zonyansa!" ndinamukalipira Tadala pamaso pa anzake. "Ukulirira zojambula, pamene pamaliro a azakhali ako sunagwetse ndi dontho lomwe!"

Patapita sabata tinkasoka fodya m'chigafa kwathu ku Chiosya. Anzanga a Nabanda anati, "A Naphiri, taponyani kankhani, manja alema." M'mutu mwanga munali mutauma. Pakamwa panangotuluka sitima ija. Atsikanawo ndinawaveka zitenje, ndinawakweza panjanji ya ku Boma, za mano ndinazisiya momwemo. Ndinawonjezera kuti nkhaniyi ndinaimva kwa malemu agogo anga, munthu amene anamwalira sitima asanaionepo.

Amayi onse m'chigafamo anasiya kusoka, kukamwa yasa, a Nabanda n'kufunsa. "Ndiye anakafika?" Mathero sindinkawadziwa, ndinangoti mawa. Tadala anali pomwepo, akusoka osadzutsa mutu.

Titaweruka ndinamutsatira kumjigo, mawu ofewa ngati wopempha mchere. "Iwe Tada, atsikana aja anathera kuti?"

Anasenza ndowa yake bwinobwino. "Agogo, si munaimva kwa agogo anu? Kafunseni iwowo."

Mpaka lero a Nabanda akandifunsa mathero ndimangotsokomola, ndimvekere, "Fodyayu."