Khola la ana a sultani ndi Luas ya ku Tallaght

Ine sindikhulupirira munthu. Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kale. Wobweretsa makalata ndimamusuzumira pakatani mpaka atuluke pageti. Mayi woyandikana nafe kuno ku Tallaght, ku Ulaya, wakhala akundimwetulira zaka zitatu, ndipo sindinadziwebe chimene akufuna.

Ndiye Lachitatu, mdzukulu wanga Tadala, wa zaka fifitini, atandibweretsera tiyi wosapempha, ndinadziwa kuti pali nkhani.

"Agogo, ndikuwerengereni pulojekiti yanga ya hisitole?"

Chichewa chake chimatsimphina, koma akafuna kanthu chimawongoka.

Inali ya maufumu akuluakulu a Asilamu: a Ottoman ku Turkey, a Safavid ku Perisiya, a Mughal ku India. Akuti a Ottoman anayamba ngati kafuko ka m'malire, n'kukula mpaka kulamulira mbali ina ya Ulaya, Iguputo ndi Maka. Ndinkamva ndi khutu limodzi, diso lili pawindo.

Kenaka anafika pomwe ankafuna. Masiku amene ufumu unkakwera, sultani ankatumiza ana ake aamuna kuzigawo zakutali akadali anyamata, kuti akaphunzire kuweruza milandu ndi kutsogolera asilikali. Vuto lake, bambo akamwalira anawo ankaphana polimbirana mpando. Mafumu otsatira anati basi, aliyense woti n'kudzalowa ufumu azitsekeredwa m'zipinda za mkati mwa nyumba yachifumu. Chakudya chonona, zovala za silika, alonda pakhomo. Malowo ankangowatcha khola. Ena ankatulukamo ndi imvi kudzakhala pampando, osadziwa ngakhale njira ya kumsika.

"Nzeru zimenezo," ndinatero ine. "Mwana ali m'nyumba sapwetekedwa."

"Agogo! Ufumuwo unafooka. A ku Perisiya anachitanso zomwezo, nawonso anagwa."

Ndinamufunsa ngati khola lokha lingagwetse dziko. Mwana uyu sanama, anatengera ine. Anavomera kuti panali zambiri: nkhondo zosatha, Azungu kutulukira njira zamalonda zapanyanja, abwanamkubwa kuyamba kudzimva. Komabe, anati, mfumu yosadziwa kunja siona mavuto akamabwera.

Anatseka laputopu. "Loweruka anzanga akupita kutauni. Ndikufuna kukwera sitima ya Luas ndekha. Ndawakanira katatu, agogo. Ndikakananso sadzandiitananso."

Mayi ake, amene ndi namwino, anavomera kalekale. Koma m'nyumba muno chidindo chomaliza n'changa.

Ndinavomera. Musandiombere m'manja.

Loweruka atangotuluka, ndinamanga duku, kuvala jekete, n'kumulondola. Iye analowa kutsogolo kwa Luas, ine kumbuyo kwenikweni, chikwama nditachikumbatira pamtima. Titafika kutauni anatsika, anzake n'kumulandira ndi phokoso. Ndinawatsatira mpaka ku Moore Street. Mayi wina wogulitsa zipatso atandiitana, ndinacheuka kuti ndimuyang'ane bwino, si mukundidziwa. Pobweza maso, Tadala kulibe.

Ndinati palibe kanthu, ndikamudikira kunyumba ngati sindinachoke. Ndinakwera Luas yobwerera. Ndani anandiuza kuti njanjiyo imagawikana? Ina imapita ku Tallaght, ina kwina. Ndinapezeka ndili kumathero kwachilendo, mphepo ikuomba, phiri likundiyang'ana. Bambo wina anafunsa ngati ndasochera. Ndinamuyankha kuti ndikudikira mwamuna wanga, wapolisi. Malemu aja anali telala.

Mapeto ake ndinaimba foni. Kwa ndani? Mukudziwa.

Anabwera, anzake atawasiya. Sanaseke mpaka titakhala pansi.

"Agogo, ndinakuonani ku Tallaght komwe. Duku lofiira? Akazitape savala choncho."

"Iwe, ndimapita kogula therere."

"Therere lake lili kuti, a sultani?"

Anandisonyeza mawu owala kutsogolo kwa Luas, pamene pamalembedwa kumene ikupita. Zaka zitatu m'dziko lino, ndinali ndisanakwerepo ndekha. Kutchalitchi amandiperekeza, kuchipatala amandiperekeza. Ndinkaganiza kuti ndine mlonda wa pakhomo, osadziwa kuti wa m'khola ndine.

Makolo anzanga a ku Swords, a ku Tallaght ndi a m'tauni, tiyeni tiuzane zoona. Kwathu mtsikana wa msinkhu uwu amakwera minibasi yekha kukagula katundu ku Limbe, n'kukangana ndi kondakitala, n'kupambana. Kuno timamutsekera ndi hita ndi waifai, tikumati tikumuteteza. Mantha athu si opusa, ayi. Dziko n'lachilendo, ndipo si onse omwetulira amene amatikonda. Koma tsiku lina anawa adzafunika kuyendetsa banja, kulankhula ndi dokotala m'malo mwathu, kutumiza maliro athu kumudzi. Adzatulukira pati nzeru zimenezo, pasofa?

Loweruka likubwerali akupitanso, ndipo ndalonjeza kuti sindimulondola. Wandilembera papepala: "TALLAGHT, osati ina," chifukwa Lachiwiri ndikukagula therere lija ndekha.

Pepalalo ndalifananiza kale ndi mapu, kawiri. Mwana ndi wanga, inde, koma mungadziwe bwanji?