Galimoto Imene Abambo Ankaidziwa

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene anandisunga pamsewu zaka zonse zimene ndinagwira chiwongolero. Sindinagundepo munthu, sindinagubuduzepo galimoto, ndipo ndakalamba ndi manja onse awiri. Ndikumuthokozanso chifukwa cha zimene ndilembe panozi, ngakhale kuti pamene zinkachitika m'kamwa mwanga munalibe mawu oyamika.

Kwathu ndi kummwera pang'ono kwa Mtakataka, m'mphepete mwa msewu wa tala. Pamene kanjira ka kwathu kamatulukira pamsewu pali mtengo wa bwemba, ndipo pansi pake mpamene abambo anga ankaswera akuluka mikeka ya mlaza. Maso awo anali atachita ng'ala. Ankangodziwa kuti kwacha kapena kwada, koma zala zawo zinkaudziwa mlaza ndipo makutu awo ankaudziwa msewu. Amayi anali atatisiya kale. Amene ankawasamala anali achemwali anga, amene ine ndinawapondera pamutu.

Ntchito yanga yoyamba inali yoyendetsa kalole kakale ka mkulu wina wogula mpunga. Ndinakayendetsa zaka zisanu ndi chimodzi. Kankatsokomola ndikasintha giya pochoka pamlatho wa kufupi ndi kwathu, ndipo abambo ankakamva ndisanaonekere n'komwe. Ankakweza ndodo yawo m'mwamba, ine n'kuliza hutala kawiri. Nthawi zambiri sindinkaima. Moni wathu unali womwewo ndipo unkatikwanira.

Matipate atabwera, mabungwe anachuluka m'dziko muno. Ndinalembedwa ntchito kubungwe lina loona za ulimi, limene ofesi yake inali ku Salima. Lachinayi lililonse ndinkanyamula abwana kupita ku Golomoti ndi kwa alimi a mpunga a ku Bwanje, choncho ndinkadutsabe pabwemba paja. Kubungweko chaka chilichonse kunkabwera galimoto yatsopano yochokera kwa otithandiza akunja, mipando yake ikadali m'mapulasitiki. Abwana ankaipereka kwa ine chifukwa sindinkamwa mowa. Ya chaka chathacho inkapita kwa dalaivala mnzanga, Msilamu wa ku Chipoka, munthu wanthabwala. Iye ankanditcha akatekisiti chifukwa cha kolona imene ndinkapachika pagalasi, ine ndinkamutcha ashehe, ngakhale kuti tonse awiri tinali anthu wamba.

"Akatekisiti, mwandisiyiranso mkute?" ankatero polandira makiyi. "Tsiku lina ndidzalowa mpingo wanu kuti nane ndimveko fungo la galimoto yatsopano."

Ine ndinkaona kuti ndi madalitso, ndipo ndinkanena choncho kumphakati kwathu tikakumana kudzapemphera. Sindinkaona zimene zinkachoka. Pachitseko cha galimoto iliyonse panali mawu oletsa kunyamula anthu osakhala a bungwe. Anzanga amene ndinkaweta nawo mbuzi anandiimika kangapo, ndinawalozera mawuwo, ndipo anasiya. Kenako anayamba kunditcha abwana, akuseka pang'ono. Mazenera ankakhala otseka chifukwa mkati munkawomba mphepo yozizira, moti fungo la nsomba la pa Mtakataka, ngakhale mawu a amayi ogulitsa mango, sizinkandifikanso. Abwana akalowa mumsonkhano ndinkakhala ndekha m'galimoto maola ambiri, ndikupukuta fumbi pamalo popanda fumbi, ndikupemphera kolona, ndikudya ndekha. Anthu a m'mudzi ankabwera kudzayang'ana matayala ndi nyali. Ine sankandiyang'ana.

Amene anadandaula poyera anali abambo okha.

"Iwe, ndangoiphunzira kumene ija, wasinthanso?"

"Si ine ndimasintha, abambo, ndi akuluakulu."

"Akuluakulu akowo ali ndi maso. Ine ndilibe. Ndiponso zagalimoto zakozi zimangonong'ona. Kalole kampunga kaja kankalankhula."

Choncho tinapangana kuti ikabwera yatsopano ndizikafika nayo pabwemba. Ankaisisita ndi manja kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, kenako ankandiuza kuti ndilize injini, ndibwerere kumlatho ndi kubwera ngati mmene ndimabwerera, ndilize hutala. Ankapendeketsa mutu. "Bwereza," ankatero. Pankatenga masabata kuti aizolowere, ndipo m'masabata amenewo ankakwezera ndodo magalimoto a eni, anthu ogulitsa makala chapafupi pomwepo n'kumawaseka. Tinachita zimenezi zaka zitatu.

Tsiku lina mnzanga uja anandiuza kuti, "Akatekisiti, abambo anu amandikwezera ndodo ndikamadutsa ndi mkute wanuwu. Ine ndimawayankha kawiri, ngati inu. Ndiwakhumudwitse bwanji?"

"Musandibere abambo, ashehe," ndinatero, tonse n'kuseka.

Chaka chachinayi galimoto yatsopano inafika Lolemba, nyengo ya dzinja. Inali yotuwa, yamagalasi akuda, pomwe zonse zam'mbuyo zinali zoyera. Sindinatumize uthenga kwathu. Ndinkafuna kuti ndikaime nayo pabwemba Loweruka pobwerera, pakuti ulendo wa sabata imeneyo unali wautali: kuchoka ku Golomoti tinkapitirira kumidzi ya ku Ntcheu kukagona masiku awiri. Ndisabise, ndinkafunanso kuti anthu adzadabwe.

Lachinayi m'mawa, tikuyandikira kwathu, ndinaona achemwali ataima m'mphepete mwa tala, dzanja lili pamphumi, akuyang'ana kumene tinkachokera. Abambo anali atagona pamkeka pansi pa bwemba. Ndinaganiza kuti akupumula. Ndinaliza hutala kawiri, koma hutala wake anali wopyapyala ngati wa njinga yamoto, ndipo ndodo sinakwere. Maso a achemwali anadutsa pagalasi langa n'kupitirira kumbuyo. Phazi langa linafika pabuleki. Abwana anayang'ana wotchi yawo. Sindiwanamizira, ndikanapempha akanalola. Ndinachotsa phazi n'kunena mumtima kuti Loweruka si kutali.

Nkhani ya wansembe uja amene analambalala munthu wovulala panjira ya ku Yeriko ndinali nditaimva kuyambira ndili mwana, ndipo nthawi zonse ndinkamuweruza. Sindinkadziwa kuti mwina nayenso ankati adzaima pobwerera.

Loweruka, dzuwa litakwera, tinadutsa mphambano ya ku Mua. Patsogolo ndinaona nthambi zamasamba aawisi zitayalidwa pamsewu. Kwathu kuno zimenezi zimauza wapaulendo kuti pali maliro: wanjinga amatsika, wagalimoto amayenda pang'onopang'ono, mwamuna amavula chipewa. Ndinavula changa n'kuchepetsa liwiro monga ndinkachitira pamaliro a anthu osawadziwa, ndikupempherera mzimu wa womwalirayo monga mwa chizolowezi. Ndinali nditafika pakati pa pempherolo pamene ndinaona kuti nthambi zachiwiri zili kuseri kwa bwemba, ndipo pansi pa mtengowo palibe mkeka.

Ndinaimika galimoto n'kutsika. Abwana anagwira okha chiwongolero n'kupitiriza ulendo. Ine ndinalowa kanjira ka kwathu wapansi, chipewa chili m'manja.

Achemwali anatuluka m'siwa atandiona. Sanandikalipire. Anandiuza kuti abambo anadzuka Lachinayi akubanika pachifuwa. Njinga sakanatha kukhalapo. Anthu anati aimike matola, koma iwo anakana.

"Anati, 'Lero ndi Lachinayi, mwana wanga adutsa.' Tinawanyamula kukawagoneka pabwemba. Ine maso anali pa yoyera ija, achimwene. Inu munadutsa nthawi yanji?"

"M'mawa. Ndinaliza hutala."

"Ndiye munali inu?" Kenako anati, "Abambo anaimva. Anati si imeneyo."

Anadikira mpaka dzuwa kupendeka. Kenako yoyera ija inatulukira pamlatho, mnzanga uja akupita nayo ku Golomoti kukasiya mbewu. Abambo anakweza ndodo ali chigonere. Achemwali analowa pakati pa msewu. Mnzangayo anaima, ndipo mawu a pachitseko aja sanawawerenge. Anawafikitsa kuchipatala cha ku Mua, kumene anawalandira ndi kuwathandiza, koma Lachisanu mbandakucha anatsirizika. Uthenga unapita ku Salima, ine ndili kumidzi kopanda lamya.

Titachoka kumanda, mnzangayo, amene anakhala pakati pa amuna kuyambira dzulo lake, anandikokera pambali. Tinakaima pabwemba. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Achimwene, ndili ndi katundu wanu," anatero. "Titawakhazika abambo kutsogolo, ndinaliza injini. Anapendeketsa mutu n'kunena kuti, 'Wabwera. Ndinawauza kuti ubwera.' Anafufuza dzanja langa pagiya n'kuligwira. Wallahi, ndikulumbira, ndinafuna kunena kuti si ine, koma lilime linakana. Achemwali anu anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Ndinangoti, 'Eee, abambo.'"

"Ananena chiyani china?"

"Anati, 'Mulungu akuyang'anire pokwera ndi potsika. Usadzasowe munthu wokukwezera dzanja panjira.' Anabwereza kawiri. Dzanja sanalisiye mpaka pachipata. Giya ndinkasintha nalo lili choncho." Anatambasula dzanja lake lamanzere n'kundigwiritsa. "Si zanga izi. Ankauza inu. Ndabwera kudzatula."

Ndinakumbukira mwana wamkulu uja wa m'Malembo amene anabwera mochedwa kuchokera kosaka, n'kupeza atate ake akhungu atadalitsa kale wina m'malo mwake. Iye analira mokweza kupempha kuti mwina patsalako kena. Ine ndinalibe wom'pempha. Kusiyana kwake kunali kwakuti amene analandira mdalitso wanga sanathawe nawo. Anayenda nawo masiku awiri n'kudzaupereka.

Sindinaulandire msanga. Kwa zaka ndinkadzifunsa ngati mdalitso umatsata dzina limene wodalitsa ali nalo mumtima, kapena dzanja limene wagwira. Ndinafunsapo wansembe polapa. Anandiuza kuti kwa Mulungu sikuchepa, ungatikwanire tonse awiri. Ndinavomera ndi mutu, mtima unatsalira m'mbuyo.

Nditabwerera kuntchito ndinapempha abwana kuti yotuwa ija ipite kwa mnzanga, ine ndibwerere ku yoyera. Anadabwa, koma analola. Mnzangayo sanachite nthabwala ya fungo la galimoto yatsopano, ngakhale kuti anali ataidikira zaka zinayi. Chaka chotsatira itabwera ina ndinakananso. Yoyerayo ndinaiyendetsa mpaka inayamba kutsokomola pamlatho ngati kampunga kaja, ndipo Lachinayi lililonse ndinkaliza hutala kawiri pabwemba popanda munthu. Mazenera ndinkatsegula. Anzanga akale sanabwerere chifukwa cha zimenezo. Anali atazolowera kukhala popanda ine, ndipo sindiwaimba mlandu.

Bungwelo linatseka kalekale. Achemwali anatsatira abambo, mnzanga uja nayenso anapita. Ana anga ali m'tauni. Ndinabwerera kwathu, ndipo masana ndimakhala pabwemba pomwepo. Kuluka mikeka sindinaphunzire, ndimangokhala ndi kolona. Maso anga akuonabe, koma magalimoto a masiku ano sindiwasiyanitsa. Akamadutsa a mabungwe, mazenera otseka, ndimayang'ana amene wakhala kutsogoloyo, amene anthu samuona, n'kumukwezera dzanja. Ambiri sazindikira. Wina mwa apo ndi apo amaliza hutala. Pamenepo ndimamva kuti mawu a abambo anandipeza ndithu, ngakhale kuti anadzera kwina ndiponso anandiika mbali ina ya msewu.

Mawuwo anafika kwa ine kudzera m'dzanja la munthu wina, choncho si oti ndiwasunge ndekha. Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu akuyang'anireni pokwera ndi potsika. Akupatseni mtima woima pamene phazi lafika kale pabuleki. Amene amakudikirani akuzindikireni mukadali patali, ndipo musadzasowe munthu wokukwezerani dzanja panjira. Amen.