Munda wa a Leopoldina unachepa, chingwe chili chomwecho

A Leopoldina anabadwira kumapiri a ku Zóbuè, n'kukwatiwa ndi a Miguel, okumba malasha ku Moatize. Cha m'ma 1956 chifuwa chinawagwira bambowo, anabwerera kumudzi ndi chingwe chachitali cha kumgodi. Mayiwo ankangopempha chimodzi kwa Mulungu: munda uwadyetse, amuna awo asakalowenso pansi. Unali munda wabwino, wozungulira ngati lichero.

Kenako msewu unadutsa pamundapo. Kapitawo wa ntchito ya msewuyo anati aliyense wolandidwa munda akadzipezere malo kuphiri, ofanana ndi akale. A Miguel sankafuna kutenga ngakhale phazi limodzi la mnzawo. Anazunguliza chingwe munda wakale, pomwe chinakumana anamanga mfundo. Kuphiri kuja anachiyala pakati pa thanthwe ndi khwawa, chinatalika ngati njoka, n'kukhoma zikhomo.

"Mayi a Hortência, onani, mfundo ndi yomweyi. Sitinabe, sanatibere," anatero a Miguel kwa akazi awo, powaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba.

Mvula itagwa, a Leopoldina anatenga dengu la mbewu lomwe linkathera ndendende m'munda wakale. Anabzala mpaka kumapeto, dzuwa lisanatenthe n'komwe. Mbewu zinatsala theka. Anakhala pansi, dengu n'kutayika.

"Bambo a Hortência, munda wapita kuti?"

"Upite kuti, uli ndi miyendo? Mwatalikitsa mapando inu."

"Ine ndinayamba kubzala inu mukudya fumbi ku Moatize."

A Leopoldina anavula korona m'khosi kuti apemphere, koma inawapulumuka n'kugwera pa mbewu zotayika zija. Inagwa mozungulira, m'kati muli chimanga chodzaza manja awiri. Potola, iwo anagwira uku, amuna awo uko, korona inatalika. Mikanda yomweyo, koma m'kati munatsala kamzere kokha ka chimanga.

A Miguel anangoti kukamwa yasa. Anayang'ana korona, anayang'ana zikhomo zawo. Ngakhale kutsokomola anaiwala.

"Ndiye ndadzibera ndekha," anatero chapansipansi.

Anapita kuti akasunthe zikhomo, koma kutsidya kwa khwawa ndi kuseri kwa thanthwe anansi anali atabzala kale, chimanga chitamera. Kusuntha malire kunali kuzula chakudya cha ana a eni, ndipo a Leopoldina anakana.

Anakolola, inde, koma nkhokwe inatha mvula ina isanagwe. A Miguel anakwera lole ya ku Moatize akutsokomola, ndipo sanabwerenso kudzakhala. A Leopoldina analima kamunda kaja okha, m'mphepete mwa khwawa anaikamo mbatata ndi kabichi, mpaka Hortência ndi azing'ono ake anakula. Ambuye awakumbukire onse awiri.