Maluwa amene alamu anawatcha udzu

Bambo anga atabwerako ku Bulawayo, kumene anakalambira akusamala maluwa pakhomo pa anthu, sanabweretse njinga kapena wailesi ngati anzawo. Ine anandipatsa kapepala kokulungamo tinjere.

"Awa ndi maluwa otchedwa madezi, mwanawe, oyera mbee, pakati pachikasu," anatero. "Usakwirire kwambiri, njere zake zimafuna kuwala."

Kwathu ku Yofu nthaka ndi mchenga ndi miyala. Ndinatenga bwato lakale long'ambika, n'kuthiramo dothi la pansi pa mlambe ndi manyowa a mbuzi, n'kufesamo njerezo. Madzi ndinkasenza kuchokera kunyanja, kukwera nawo chitunda. Nkhuku zitapalasa mbande zina, zotsalazo ndinazitchinga ndi ukonde wakutha. Chaka choyamba madeziwo anangobiriwira masamba basi, moti odutsa ankandifunsa moseka ngati ndiwo zangazo zafika pothyola. Bambo anamwalira asanaone duwa ndi limodzi lomwe.

Chaka chachiwiri maluwawo anamasula, bwato lonse kuyera. Omwe ankaseka aja anayamba kuima panjira. Ndinaganiza zowasiya aumire pomwepo kuti ndisunge mbewu.

Lachisanu lina ndinapita kuchigayo ku Chipyela. Pobwera ndinapeza ziputu zokhazokha, ena atazulidwa ndi mizu yomwe. Anathyola ndi alamu anga, achemwali awo a amuna anga, poti mawa lake mwana wawo ankakwatiwa. Ndinawalondola ufa uli pamutu.

"Alamu, bwanji osandiuza?"

"Iii, mpaka kupempha udzu? Mwanayu si wanunso?"

Udzu! Khosi langa linapindika ndi ndowa chifukwa cha udzu? Akanapempha ndikanawadulira ndekha, n'kusiyako a mbewu. Amuna anga anangoti ndisasokoneze ukwati ndi nkhani ya maluwa.

Ku ukwatiko ndinapita, ndinaphika nawo. Alendo ochokera kutsidya kwa nyanja atayamikira maluwa a mkwatibwi, ndinamva ndi makutu angawa alamu akuti, "Timadzala tokha pakhomo pano." Pofika masana anali atafota, anthu akuwaponda povina. Ziputu zija sizinaphukenso, dzuwa la Okutobala linazimaliza.

Alamuwo sanapepese. Patapita miyezi anabwera kwathu, anakhala pamphasa, tinalonjerana bwinobwino. Kenaka anandiuza kuti mwana wawo wachiwiri nayenso wapeza mwamuna, choncho ndifulumire kufesa maluwa ena kuti adzamasule nthawi yabwino. Ndinadzuka, n'kuwapempha anyamuke ndipinde mphasa yanga.