Chipinda cha Falesi ku Gezina

Falesi anamva kwa mlendo zoti nyumba yagulitsidwa, ndipo mpaka lero akamafotokoza nkhaniyi mitsempha ya m'khosi imamutuluka. Unali m'mawa, iye akuyanika zovala kuseri kwa nyumba, pamene mwamuna wina wamtali wovala kabudula anakankha chitseko cha chipinda chake osaodira n'komwe, n'kuyamba kuyeza khoma ndi tepi. Bedi linali losayala. Zovala zamkati zinali pampando.

"Mukufuna chiyani m'chipinda mwanga?" anafunsa Falesi m'Chiafrikaans.

Mwamunayo sanacheuke. Anati nyumbayo waigula, ndipo amafuna kuona ngati njinga zake zamoto zingakwane m'menemo akagumula khoma lakutsogolo.

Falesi ndi mayi wamfupi, wa mikono yolimba, wa ku Bvumbwe ku Thyolo. Timapemphera mpingo umodzi kuno ku Pretoria, ndiye mbiri yake ndimaidziwa. Mwamuna wake atamwalira, anasiya ana ake aakazi kwa mkulu wake n'kukwera basi ya ku Joni. Ntchito anaipeza ku Gezina, dera la mu Pretoria momwemuno, kwa gogo wina wachizungu yemwe aliyense ankangomutchula kuti Ouma. Poyamba inali ntchito yosesa, kuchapa ndi kusita. Kenako miyendo ya Ouma inaleka kugwira, ndipo Falesi anakhala womunyamula, womusambitsa, womudyetsa, womutembenuza pabedi kuti asachite zilonda. Chiafrikaans anachiphunzira chifukwa chokalipiridwa, poti Ouma anali wamkamwa. Zaka zinapita, tsitsi la Falesi linayamba kuyera ali m'nyumba imeneyo.

Ouma anali ndi mwana mmodzi, Deon, yemwe ankabwera Lamlungu ndi keke, kukhala pang'ono akuyang'ana foni, n'kumapita. Falesi anamuimbira tsiku lomwelo. Deon anafika masana akumwetulira ngati wabweretsa mphatso.

"Ndimafuna kukuuza, Falesi, koma ndinatanganidwa. Amayi akupita kunyumba yosungira okalamba. Iwe usadandaule, ndakuganizira kale. Ndili ndi nyumba ya ana a sukulu ku Hatfield. Uzikakonza kumeneko, malo ogona aliponso."

"Mwatanganidwa?" anatero Falesi. "Nthawi yojambula nyumba munaipeza. Nthawi yoitana ogula munaipeza. Nthawi yondiuza ine, amene ndimapukuta amayi anu akadziipitsira, ndiyo inasowa?"

Deon anafiira nkhope. Anati asakweze mawu, Ouma angamve. Falesi anamuuza kuti Ouma ndi wolumala miyendo, osati makutu, ndipo ngati sanauzidwe nayenso, bola amve lero.

Deon anamupatsa mpaka kutha kwa mwezi. Nkhani itamveka kumpingo, aliyense anasanduka katswiri wa malo. Ena amati Hatfield ndi kwabwino, kuli magetsi a mumsewu ndi alonda. Ena amati asayerekeze, kumeneko ndi kwa ana olemera. Mchimwene wake wamkulu, Kondanani, yemwe amagwira ntchito ya m'maluwa ndipo amachita lendi ku Eersterust, anamuimbira foni ndi mawu olamula.

"Basi, ubwere kuno. Mlongo wanga sangamayendeyende ngati alibe abale."

Falesi anati sasankha malo ndi makutu. Apita akaone yekha.

Anayamba ndi Hatfield. Anatsika takisi pafupi ndi siteshoni ya sitima yothamanga, n'kuima kaye kuonerera. Misewu yosesedwa, mitengo yamthunzi, nyumba zosanja zamagalasi, atsikana a msinkhu wa ana ake akuyenda ndi khofi m'manja. Mumtima anavomera kuti malo ndi okongola. Koma anayenda mtunda ndithu osaona munthu wogulitsa tomato pambali pa msewu, osamva ndi liwu limodzi lomwe la Chichewa. Mlonda wa pageti lina anamufunsa komwe akupita iye asanaime n'komwe.

Deon anamulandira pa nyumba ya ana a sukuluyo. M'khichini munali mbale zosatsuka mpaka pawindo, mpunga wochita nkhungu m'poto, mabotolo a mowa pansi pa tebulo. Zimenezo sizinamudetse nkhawa Falesi, poti ntchito saiopa. Kenako Deon anatsegula kachitseko pansi pa masitepe.

"Apa ndiye pako. Tichotsamo zinthuzi."

Munali zitini za penti, matsache ndi thanki ya gasi. Windo munalibe. Denga linali lopendekeka moti Falesi, wamfupi yemweyo, anagunda mutu atangolowa. Pamwamba pake wina anathamanga pa masitepe, fumbi n'kumugwera m'maso.

"Galu wa Ouma amagona pakhonde, pamene pamapita mphepo," anatero Falesi akupukuta m'maso. "Ine mwandiona ngati tsache, eti? Kuti mukamaliza kusesera muzindiimika muno?"

"Anthu ambiri angasangalale ndi malo aulere ku Hatfield," anayankha Deon.

"Apatseni anthu ambiriwo."

Anatuluka osatsanzika. Akuti m'takisi yobwerera ankalankhula yekha mokweza mpaka mayi wina wolankhula Chisepedi anamugwira phewa n'kumufunsa ngati waferedwa.

Loweruka anapita ku Eersterust. Ulendo wake ndi wautali ndipo umasintha takisi, ndiye anadziwiratu kuti akakhala kumeneko, ganyu wa m'tauni azimudzukira kusanache. Komabe malowo anamukomera, ndipo zimenezi amazinena mpaka pano. Nyumba zing'onozing'ono zokhala ndi mayadi, agogo atakhala pamakonde, ana akusewera mpira mumsewu. Anthu ake amalankhula Chiafrikaans, ndipo mayi mwini nyumba ya Kondanani atamva Falesi akumuyankha m'chilankhulo chake, anaseka n'kumuthyolera mapichesi a mumtengo wa kuseri. Falesi anaona kadothi pafupi ndi mpanda n'kuyamba kuganiza zodzala mpiru ndi bonongwe.

Mkazi wa Kondanani, Naomi, anamulandira ndi manja awiri. Anamuphikira nkhuku, anamuonetsa pomwe azigona, m'chipinda cha ana atatu, wamng'ono mwa iwo asanayambe n'kuyenda komwe. Falesi anafunsa za ntchito, ngati kuli azungu kapena aphunzitsi ofuna wochapa chapafupi.

"Aa, alamu, za ntchito muziona pambuyo," anatero Naomi. "Mupume kaye. Mwatopa ndi gogo uja."

Atadya, Falesi anapita kuseri kukasamba m'manja pa mpopi. Naomi anali pawindo la khichini akulankhula pafoni ndi mnzake, ndipo sanadziwe kuti mawu akutuluka.

"Eish, Mulungu wandiyankha, asisi. Ntchito ya ku saluni ija ndiyamba mwezi wamawa. Alamu anga akubwera, ana aziwaona ndi iwo. Kukireshi, kosungira ana masana kuja, ndawachotsa kale. Malipiro? Malipiro a chiyani, munthu akudya ndi kugona mwaulere?"

Falesi anatseka mpopi, n'kulowa m'nyumba manja akudontha madzi. Kondanani anali pampando akuonera mpira.

"Achimwene, mwandiitanira ulongo kapena mwandiitanira matewera?"

Kondanani anachepetsa mawu a TV. "Ukutanthauza chiyani?"

"Ana mwawachotsa kale kukireshi ine ndisanavomere n'komwe kubwera. Ana anga ali ku Bvumbwe, akudikira ine kuti adye ndi kupita kusukulu. Ndikakhala pano ndikulera anu, anga alera ndani? Inu?"

"Falesi, pachibale timathandizana."

"Kuthandizana amakambirana! Mukanandiuza kuti mlongo, tili pa vuto la ana, ndikanaganiza. Koma mwandipangira mapulani kumbali ngati mbuzi yogula pamsika. Mzungu uja amafuna kundiika pansi pa masitepe, koma iye si magazi anga. Inu tinayamwa bere limodzi."

Naomi anatulukira akunena kuti sanatanthauze choncho. Falesi anamuuza kuti anatanthauza bwino lomwe, ndipo mawu ake anali omveka kuposa wailesi. Kondanani anaimirira n'kunena kuti mkazi wopanda mwamuna azimvera achimwene ake, apo ayi adzalira yekha m'tauni muno. Falesi anatenga chikwama chake. Mapichesi aja anawatenganso, poti sanali a Kondanani.

Anabwerera ku Gezina mutu ukuwira. Anatsika takisi patali dala kuti ayende pansi mtima utsike, ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana dera lake ngati munthu wofuna malo. Gezina si kokongola. Nyumba zake ndi zakale, penti yosuwa, mipanda ya waya waminga. Mumsewu waukulu muli magalaja, mashopu ogulitsa katundu wakale, okonza mafoni, fungo la mafuta a galimoto ndi la tchipisi. Koma anaona kuti akudziwa kona iliyonse. Kukiliniki amapita wapansi. Kumpingo amapita wapansi. Amadziwa nyumba za agogo ena achizungu omwe ana awo amabwera Lamlungu lokha, ndipo ena mwa iwo anamufunsapo ngati angawasitire.

Anaima pa kashopu ka Hadijah, mayi wa ku Mangochi amene amagulitsa usipa, nyemba, ufa wa kondowole ndi zitenje kwa Amalawi a m'derali. Falesi ankagula kumeneko kwa zaka, koma sanakhalepo pansi n'kucheza naye. Tsikulo anakhala pa kireti ya zakumwa osaitanidwa, n'kukhuthula zonse, za tepi, za masitepe, za matewera. Hadijah anamvetsera akupima usipa m'timapepala.

"Achemwali," anatero atamaliza, "ine malo abwino ndilibe. Kuseri kwa shopu ya matayala uko kuli chipinda, khoma limodzi ndi changa. Munali mnyamata wa ku Machinga, wabwerera kumudzi. Ndikuuzeni zoipa zake kaye. Makina opopera matayala amalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Chimbudzi n'cha tonse. Mvula ikagwa ndi mphepo, madzi amalowa pansi pa chitseko. Komanso m'khichini timaphikira limodzi, ndiye nkhumba ayi."

"Windo lilipo?"

"Lilipo, koma limayang'ana pa mulu wa matayala."

"Kiyi asunga ndani?"

"Inu. Nanga asunge ndani?"

Falesi akuti anatsala pang'ono kulira, osati chifukwa cha chipindacho, chomwe atachiona anapeza kuti n'choipadi monga anauzidwira, koma chifukwa mwezi wonse uwo Hadijah anali munthu woyamba kumuuza chilungamo asanamuonetse chitseko.

Tsiku losamuka, galimoto ya kunyumba ya okalamba inabwera kudzatenga Ouma. Anyamata ake ankafuna kumukweza ngati thumba la ufa, Falesi anawakankha n'kumunyamula yekha. Ouma anamugwira dzanja osafuna kulisiya, akumukalipira kuti wamuveka juzi yolakwika. Deon anayesa kunena mawu othokoza pageti. Falesi anamudutsa ngati mtengo, atasenza matiresi pamutu, Hadijah akukankha wilibala ya mapoto pambuyo.

Miyezi yoyamba inali yowawa. Ganyu sankapezeka tsiku lililonse. Panali sabata zina zomwe ankadya phala lokha kuti ana ku Bvumbwe asasowe. Madzi analowadi pansi pa chitseko n'kunyowetsa Baibulo lake. Koma pang'ono ndi pang'ono makomo anatseguka. Gogo wina anauza gogo mnzake kuti kuli mayi wa ku Malawi wodziwa kusamalira odwala, ndipo lero Falesi amayendera nyumba zingapo za m'Gezina momwemo, kusambitsa, kusita, kuperekeza kukiliniki. Aliyense amamuuza tsiku loyamba kuti iye sagona pantchito, ndipo chilichonse chokhudza iye azimva kwa eni ake, osati kwa odutsa.

Kondanani anatumiza mawu kumudzi kuti mlongo wake wayamba kunyada, wakana abale n'kukakhala ndi Asilamu kuseri kwa galaja. Amalume awo anaimba foni kuchokera ku Thyolo kuti Falesi akapepese. Falesi anawamvetsera mwaulemu mpaka anamaliza.

"Amalume, ndamva. Koma muwafunse achimwene kuti ndipepese chiyani kwenikweni. Akakuuzani, mundiimbirenso."

Amalume sanaimbenso.

Abusa athu ayesapo kuwakhazika pansi awiriwa, koma Falesi amati kukhululuka adzakhululuka tsiku lomwe Kondanani adzatchule ndi pakamwa pake chomwe anachita, osati kumangoti zakale zipite. Kondanani sanatchulebe. Ndiye Lamlungu lililonse, m'kaholo komwe timapemphereramo, Naomi amakhala kumanzere ndi ana ake, Kondanani kumbuyo kwa abambo, Falesi kutsogolo kwa kwaya. Ana aja akamuthamangira amawanyamula n'kuwapatsa masiwiti, poti iwo sanamulakwire. Koma nyimbo ikayamba, Falesi amaimba mokweza kuposa kwaya yonse, nsagwada zili gwa, maso ali pakhoma, moti woimba kiyibodi anasiya kalekale kulimbana naye, amangomutsatira.