Kamtsuko ka Che Saidi

Ndikatseka maso ndimakaonabe kamtsuko kakuda kobenthuka kukamwa, katakhala pakokha pamwala patsinde pa mtengo wa mango, kutali ndi migolo ya mowa, katavundikiridwa ndi mbale yoyera. Kanali ka Che Saidi, telala wa pakhonde loyang'anizana ndi kwathu, ndipo pa ziwiya zonse za amayi ndi kokhako kamene ndinkakagwira mosamala ndi manja awiri. Chipanda ndikagwetsa, chikho ndikaswa, ndinkangolandira mbama yanga n'kupita kukasewera fulaye. Koma kamtsuko ako, ayi ndithu. Kanali ndi chikho chakechake, chinkhupule chake chotsukira, malo ake oumitsirapo, ndipo ngakhale dontho limodzi la mowa silinagwerepo m'kati mwake.

Tinkakhala ku Old Town, kuseri kwa masitolo a amwenye, m'kanjira kamene aliyense ankangokatchula kuti kwa Masese. Amayi anga, a Nachisale, ankaphika mowa wamasese. Bambo anapita ku Joni ine ndikukwawa ndipo sanabwerenso, choncho chimene chinatilera ndi bwalo lija, migolo itatu ndi mabenchi ake ogwedera. Masana kanjira kathu kankagona, kumangomveka makina a Che Saidi ndi nyundo za okhoma zidebe. Dzuwa likapendeka, eee, kankadzuka! Ankabwera akalipentala utuchi uli m'tsitsi, amakaniko onunkha girizi, otsitsa katundu pa depoti, alonda omwe ankamwa kaye asanapite kukalondera katundu wa eni ake. Gumbagumba inkalira simanjemanje, Loweruka kunkabwera anyamata a banjo ndi babatoni, ndipo fungo la kanyenya linkasakanikirana ndi utsi wa nkhuni ndi kuwawasa kwa masese. Ntchito yanga inali kuyanika chimera pamphasa, kuthamangitsa nkhunda zosamva zija, kutunga madzi pampopi mpaka khosi kuuma, ndi kusonkhezera moto pansi pa mgolo. Ndinkadandaula tsiku lililonse, koma munthu wina akanyoza bwalo lathu kusukulu ndinkamenya.

Aliyense wodziwa kuphika mowa amadziwa kuti mowa umayamba uli thobwa. Mukaphika phala n'kuthira chimera, m'mawa mwake limakhala lotsekemera, losaledzeretsa ngakhale khanda, ndipo ukali umabwera m'masiku otsatirawo. M'mawa umenewo, kanthu kena kasanachitike, amayi ankatunga thobwa kudzaza kamtsuko kaja, ndipo ine ndinkawoloka nako kanjira kukapereka kwa Che Saidi. Iwo anali Msilamu wa chisoti choyera ndi mkanjo, mowa sankafuna ngakhale kuununkhiza, ndipo m'bwalo mwathu anali asanapondemo phazi chibadwire changa. Mbali inayo ya mwambowu inali iyi: dzuwa likamalowa, ku mzikiti akayamba kuitanira anthu ku swala, amayi ankangokweza dzanja m'mwamba. Pompo gumbagumba inkazima, chipanda chinkatsitsidwa pansi, ndipo bwalo lonse linkati zii mpaka woitanayo amalize. Nthawi imeneyo kunalibe zokuzira mawu ku mzikiti, anali mawu a munthu basi, ochokera kuseri kwa madenga ambirimbiri, ndipo phokoso pang'ono linkawameza. Mlendo akapitiriza kulongolola ankamugunda ndi chigongono. Amayi ankati anzathu akulankhula ndi Mulungu, mowa sukuthawa. Palibe amene analemba zimenezi papepala, ndipo sindinamvepo awiriwo akukambirana.

Kenako likulu la dziko linasamukira kwathu kuno ku Lilongwe. Kutsidya uko, kumene tinkakatola nkhuni ndi masuku, kunamera nyumba zosanja za City Centre, ndipo kunabwera anthu a mataye ochokera ku Zomba ndi ku Blantyre. Anawapatsa nyumba zokongola ku Area 11 ndi kwina kotero, zokhala ndi kapinga ndi maluwa, koma kumeneko kukada kunkangolira nkhululu. Kusungulumwa kutawakwana anayamba kutsika ndi magalimoto awo kudzafuna moyo kwathu kuno. Mmodzi mwa iwo, Bambo Chimwaza, anagula shedi yakale ya fodya yogundana ndi mpanda wathu, anaipaka utoto, anaikoleka magetsi ofiira ndi obiriwira, anaika masipika aakulu ngati mabokosi a maliro, n'kutsegula bala ya mowa wa m'botolo. Pakhomo anaimika mlonda, lamulo lake lolowera linali tayi. A Lameki, kalipentala wa nthabwala amene ankamwa kwathu, anakapempha Che Saidi kuti awasokere tayi ya zigamba zotsala, anaimanga pamwamba pa malaya ong'ambika n'kupita monyang'wa. Mlonda anayang'ana tayi, anayang'ana kumapazi, n'kunena kuti nsapatonso zikufunika. A Lameki anabwerera akuseka, tayi ija n'kuimangirira pa nthambi ya mango, ndipo inakhala pomwepo mpaka inasuluka ndi dzuwa.

Tinaseka, inde, koma zinkapweteka. Madona otsika m'magalimoto ankatseka mphuno ndi timipango podutsa pachipata chathu. Mzungu wina anasuzumira pampanda n'kujambula amayi akutakasa mgolo thukuta lili kamukamu, osapereka ngakhale moni, ngati akujambula nyama ya kutchire. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti anthu amenewa anabwera chifukwa cha ife. Anatsata nyimbo zathu, kanyenya wathu, chisangalalo chathu, ndipo atafika anayamba kuona kuti tikuwadetsera malo. Bambo Chimwaza ankafuna bwalo lathu kuti makasitomala awo aziimikapo magalimoto. Anabwera bwinobwino poyamba, kudzauza amayi kuti kunja kwa mzinda akugawa malo atsopano, kwa mpweya wabwino, ndipo iwo atha kutilankhulira. Amayi anapukuta manja pachitenje n'kufunsa kuti, "Nanga anthu anga omwa mowawa, bambo, ndikawasenza pamutu?" Bamboyo anachoka osatsanzika.

M'mwezi wotentha wa chaka chimenecho, pamene Asilamu anali kusala kudya, kunayamba kuyenda pepala. Linali la madandaulo opita ku ofesi ina yoyang'anira za mzinda, lonena kuti bwalo la a Nachisale ndi la phokoso, la uve, losowetsa mtendere anthu oyandikana nalo, ndipo liyenera kugwetsedwa. Achinyamata a lero sangamvetse kuti masiku amenewo pepala la munthu wa tayi linkaopsa bwanji. Unkalowa mumsika utaonetsa khadi la chipani, unkalankhula utayang'ana kaye kumbuyo, ndipo kukana munthu wodziwana ndi akuluakulu kunali kudziputira zosadziwika. Ena anasaina, ena anadinda chala, ena mwa iwo anthu oti amayi anawaphikirapo pamaliro a ana awo. Anthu amati ndiwakhululukire poti anali ndi mantha. Chabwino, ndinawakhululukira, koma mayina awo ndikuwakumbukira onse.

Dzina limene Bambo Chimwaza ankalifunitsitsa linali la Che Saidi, poti ndiwo anali oyang'anizana nafe, achikulire, olemekezeka. Ndipo m'mutu mwawo nkhaniyo inali yosavuta: Msilamu amadana ndi mowa, ndiye kuti amadana ndi wophika mowa. Ndinali pakhondepo tsiku limenelo ndikutola tizigamba tosokera chidole. Che Saidi anamvetsera makina ataima, anachotsa mapini pakamwa mmodzimmodzi, n'kunena kuti, "Bwana, dzanja langali limadziwa singano basi. Mubwere nawo akuluakuluwo, ine ndidzalankhula pamaso pawo." Bambo Chimwaza anachoka akumwetulira, poganiza kuti apeza mboni. Inenso ndinaganiza chimodzimodzi. Ndinathamangira kwa amayi ndikulira ndi ukali, ndikunena kuti thobwa lathu lonse lija tinkamwetsa mdani. Amayi anandiyang'ana n'kundiuza kuti ndikatsuke kamtsuko ndisiye kulongolola.

Tinamva kuti mkulu wa ku ofesi uja adzabwera Loweruka, dzuwa likamalowa. Nthawiyo anasankha ndi Bambo Chimwaza, poti ndi pamene bwalo lathu linkadzaza. Anzawo a amayi anawachonderera kuti tsiku limenelo asagulitse, abise migolo, mkuluyo adzapeze bwalo losesa lopanda munthu. Amayi anakana kwamtuwagalu. Anati ngati akutichotsa atichotse tili mmene timakhalira, osati titabisala ngati mbava. Mowa wa sabata imeneyo anauphika mosamala kuposa kale lonse, anavala chitenje chawo chopitira ku tchalitchi, ndipo gumbagumba anaiika pamalo ake a nthawi zonse. Mgolo wina unali utangophikidwa dzulo lake, ndipo thobwa la Che Saidi linali kale m'kamtsuko kudikira madzulo, poti iwo anali kusala.

Anafika awiri, Bambo Chimwaza ndi mkulu wamtali wa magalasi atanyamula fayilo. Bwalo linali lodzaza, chipanda chikuyenda dzanja ndi dzanja, a Lameki akuvina okha pakati. Mkuluyo anayang'ana migolo, anayang'ana ngalande, n'kuyamba kulemba. Ndinkaona cholembera chikuyenda ndipo ndinkadziwa kuti nyumba yathu ikupita. Pamenepo ndi pamene ndinaona Che Saidi akutsika pakhonde pawo, mkanjo woyera mbee, akuwoloka kanjira pang'onopang'ono. Sanaime pachipata monga ndinkayembekezera. Analowa! Anadutsa pakati pa mabenchi, pakati pa anthu onunkha mowa amene ankadzikoka kuwapatsa njira, n'kukakhala pamwala paja patsinde pa mango. Anandikodola n'kunena kuti, "Mwanangu, lero kamtsuko kanga usakawolotse. Kusala kwa lero ndimasulira pompano."

Bambo Chimwaza anali atangotsegula pakamwa kuti aonetse mkulu uja mboni yawo pamene mawu aja anayamba kumveka chapatali, kuchokera ku mzikiti. Amayi sanayang'ane mkulu wa fayilo, sanayang'ane aliyense. Anakweza dzanja monga mwa masiku onse. Gumbagumba inazima, chipanda chinatsika, a Lameki anaima mwendo uli m'mwamba n'kuutsitsa mwakachetechete. Bwalo lonse zii. Ndipo m'kachetechete ameneyo chimene chinatsala ndi masipika a kuseri kwa mpanda, akugunda mpaka malata athu kunjenjemera, bala ya Bambo Chimwaza ikuitana makasitomala amene anali asanafike n'komwe. Mkulu uja anatembenuza mutu, anafunsa kuti phokosolo likuchokera kuti. Palibe anamuyankha. Anafunsanso mokweza, munthu wa boma, wa fayilo m'manja, ndipo anthu osauka aja, oledzera aja, amantha aja, anangomuyang'ana osatsegula pakamwa, chifukwa woitana uja anali asanamalize.

Atamaliza, Che Saidi ananong'ona pemphero lawo, ndinawathirira thobwa m'chikho chawo, anamwa pang'onopang'ono monga munthu amene wakhala tsiku lonse lotentha osalawa dontho. Kenako anapukuta ndevu n'kunena kuti, "Bwana, chibwerere mayi awa pano sanandiphonyetsepo swala ngakhale tsiku limodzi. Koma chitsegulire nyumba iyo, ndimachita kufunsa ana ngati aitana kale." Mkulu uja anayang'ana pepala la madandaulo nthawi yaitali, anayang'ana Bambo Chimwaza, anatseka fayilo n'kutuluka. Bambo Chimwaza anathamanga kukachepetsa phokoso la masipika, tayi ikuuluka paphewa, ndipo a Lameki anaseka mpaka kugwa pabenchi. Amayi sanaseke. Analowa m'nyumba, ndipo nditawatsatira ndinawapeza atangokhala pamphasa okha.

Che Saidi zinawavuta, musaganize kuti zinangothera m'kuseka. Ku mzikiti kunali manong'onong'o akuti mkulu wonse anakamasulira m'bwalo la mowa, ena anakatenga nsalu zawo zisanasokedwe, ndipo Bambo Chimwaza ndi anzawo sanawapatsenso ntchito. Iwo sanadandaulepo, ndiponso m'bwalo mwathu sanalowenso mpaka kufa kwawo. Mowa wotsatira utaphikidwa ndinawoloka kanjira ndi kamtsuko monga kale. Ndinkafuna kupepesa chifukwa chowatchula mdani, koma ndisanayambe n'komwe, iwo anangondipatsa tizigamba ta silika timene anandisungira.

Sindinama kuti tinapambana mpaka kalekale. Mzinda unali ndi njala, ndipo patapita zaka unatimeza ndithu. Koma amayi sanapite ku malo a mpweya wabwino aja. Anakalambira m'bwalo lawo, anamwalirira m'nyumba yawo, ndipo maliro awo anatulukira pachipata chomwecho, bokosi lake atakhoma a Lameki. Lero pamenepo anathira simenti, mango anadula, pamaimikidwa magalimoto. Mabala achulukana, iliyonse ndi masipika ake, ndipo mzikiti nawo unagula zokuzira mawu kuti upikisane nawo, aliyense akukuwa, palibe womvera mnzake. Ndikamva anthu akunena kuti malo aja anawakonza, kale kunali uve, magazi amandiwira. Uve wake uti? Ife tinali ndi ngalande yonunkha, inde, koma tinkadziwa kukhala chete kuti mnzathu apemphere.

Chaka chatha ndinadutsako dzuwa likulowa, ine gogo wa imvi, thumba la ndiwo m'manja. Ndinaima pamene panali mwala paja, ndipo mwadzidzidzi ku mzikiti anayamba kuitana. Sindinaganize n'komwe, ndinangoona dzanja langa lakwera m'mwamba. Palibe nyimbo inazima. Mlonda anabwera akuthamanga, akuti, "Amayi, tachokanipo apo, bwana akufuna kuimika galimoto!" Galimotoyo inaliza hutala kamodzi, kawiri, katatu. Sindinasunthe ndipo sindinamuyankhe, chifukwa woitana uja anali asanamalize. Bwanayo anadikira.